Woyamba Kumene Ntchito: Alandire Mwakachetechete Kapena Afunse za Malipiro?

Wachinyamata wa ku Chipera, m'dera la Marávia, akamaliza kalasi 12, kapena akabwerako ku maphunziro a ntchito zamanja ku Tete kapena ku Songo, ntchito za malipiro a pamwezi zimene angaziyembekezere n'zochita kuwerenga ndi zala. Marávia, amene likulu lake ndi Fingoè, ndi dera la alimi a chimanga ndi fodya, asodzi a m'nyanja ya Cahora Bassa ndi anyamata okumba golide m'maenje. Ntchito yolembedwa imapezeka m'boma, pa maboti a kapenta, kwa ogula fodya, kwa makontirakitala a misewu ndi milatho, m'masitolo ndi m'zigayo, apo ayi munthu anyamule chikwama alowere ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Tsono tsiku limene bwana wanena kuti "ubwere Lolemba udzayambe, tizikupatsa mwakuti," mnyamatayo kapena mtsikanayo amakhala ndi kamphindi kochepa koti asankhe: alandire ndi manja awiri, kapena atsegule pakamwa. Ambiri amalandira, ndipo makolo awo amati achita mwanzeru. Ine ndikuona kuti ayenera kufunsa. Komabe amene amamuuza kuti akhale chete sakulankhula zopusa, ndipo mfundo zawo n'zofunika kuzimva zonse tisanazikane.

Mfundo yawo yoyamba ili pageti. Ntchito imodzi ikatuluka, oifuna amakhala khamu, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi mapepala ofanana ndi ako kapena oposa. Bwana akaona kuti wayamba kukokakoka sachedwa nawe, amangoitana wotsatira. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo m'dera limene ndalama imaoneka kamodzi pachaka fodya ndi chimanga zikagulitsidwa, malipiro a mwezi ndi mwezi, ngakhale achepe, ndi fodya wa pamphuno ameneyo. Mfundo yachiwiri ndi yakuti wosadziwa ntchito alibe choika pasikelo. Taonani mnyamata amene wakwera boti la kapenta usiku wake woyamba. Sadziwa nthawi yotsitsira ukonde pansi pa nyali, sadziwa kuzimitsa magetsi a pamwamba kuti nsomba zisonkhane pa nyali ya m'madzi, manja ake sanazolowere chingwe, ndipo kukacha sadziwa kuyala kapenta pathandala mopyapyala kuti aume asanawole. Kwa milungu ingapo iyeyo ndi katundu kwa anzake a m'botimo, ndipo zimene waononga amalipira ndi mwini boti. Ndiye anganene bwanji kuti ndalama zachepa? Pa ntchito yoyamba, iwo amati, phindu lenileni ndi luso limene ukutola ndi kalata yokuchitira umboni imene udzatuluke nayo, ndalama zidzabwera pa ntchito yachiwiri. Mfundo yachitatu ndi yakuti m'malo ambiri mulibe chokambirana n'komwe. Kuyambira 2022 malipiro a aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi amatsata ndondomeko imodzi ya boma yotchedwa TSU, ya masitepe 21, ndipo palibe mkulu wa sukulu kapena wa chipatala amene angawonjezerepo metikali imodzi chifukwa choti munthu walankhula mokoma.

Zitatu zonsezi zili ndi choonadi, ndipo yachitatuyo sinditsutsana nayo: wolembedwa m'boma alandire za pa sitepe yake, angoonetsetsa kuti amuika pa sitepe yogwirizana ndi maphunziro ake. Koma ziwiri zoyambazo zikusakaniza mafunso awiri osiyana. Funso lina ndi lakuti kodi ineyo ndine wa mtengo wanji, ndipo pa limeneli woyamba kumene alibedi yankho. Lina ndi lakuti kodi ntchito imeneyi mtengo wake ndi wotani, ndipo yankho la limeneli silidalira zaka zimene munthu wagwira ntchito. Ku Mozambique malipiro otsikitsitsa amaikidwa chaka ndi chaka malinga ndi mtundu wa ntchito, pambuyo pa zokambirana za boma, bungwe la olemba ntchito la CTA ndi mabungwe a antchito a OTM-Central Sindical ndi CONSILMO. Mu 2024 malire a ntchito zaulimi anali mametikali 6,338 pamwezi, a zomangamanga 8,000, a migodi ikuluikulu anapitirira pang'ono 14,000, ndipo a usodzi wa kapenta, omwe ndi otsikitsitsa m'dziko lonse, anali pafupifupi 4,942. Ziwerengerozi zimasintha, choncho wofuna ntchito ayenera kufufuza za chaka chimene akulembedwacho. Chofunika n'chakuti malire amenewa sanaikidwire akatswiri. Anaikidwira munthu wotsikitsitsa pa ntchitoyo, yemwe nthawi zambiri ndi uja wangoyamba kumeneyo. Potengera malire a 2024 aja, kontirakitala akauza mnyamata wonyamula miyala ndi kusakaniza simenti kuti "poti sudziwa kanthu tiyambira pa 5,000," sakumuchitira chifundo ayi, akumudula 3,000 pa zimene lamulo linamupatsa kale. Mnyamatayo akafunsa za 3,000 ameneyo sakudzikweza, ndipo sakufunika chaka ngakhale chimodzi cha ntchito kuti akhale ndi pakamwa.

Komanso anthu akamva za kukambirana malipiro amangoganiza za nambala ija imene bwana watchula, pamene zambiri zimabisala kuseri kwa nambalayo. Kodi 6,500 amene wanenedwayo ndi ndalama zokhazokha, kapena muli ufa, nyemba ndi malo ogona? Malinga ndi lamulo la ntchito, gawo la malipiro loperekedwa ngati katundu siliyenera kupitirira 25 peresenti, ndipo katunduyo awerengedwe pa mitengo ya m'deralo, osati ya m'mutu mwa bwana. Pa msasa wakutali ndi msika, pamene wogulitsa sopo, mchere ndi shuga pangongole ndi bwana yemweyo, wantchito amene sanafunse funsoli amatha kufika kumapeto kwa mwezi n'kupeza kuti theka la malipiro lathera m'kabuku ka ngongole. Nanga maola ndi angati? Sabata ya ntchito ndi ya maola 48, ndipo opitirira pamenepo ali ndi malipiro ake apadera. Nanga ngati pali bonasi yotengera makilo a nsomba kapena mabelo a fodya, amayeza ndani, pa sikelo ya ndani, wantchito akuona kapena ayi? Nanga INSS? Lamulo limati wantchito adulidwe 3 peresenti, bwana awonjezere 4 peresenti, zonse zipite ku thumba limene limathandiza munthu akadwala, akakalamba, kapena ana ake iye akamwalira. Pa malipiro a 6,338, gawo la wantchito ndi mametikali 190 okha pamwezi. N'zochepa, koma kudulidwa ndi kwina, kufika kwa ndalamazo ku INSS ndi kwinanso, ndipo amene sanapatsidwe nambala yake alibe njira yodziwira ngati zikufika. Mafunso onsewa ndi a malipiro, ndipo palibe limodzi mwa iwo limene likunena kuti "ndine katswiri, ndiwonjezereni."

Nanga nkhawa ya bwana ija, yakuti sakudziwa ngati mwanayu adzaitha ntchito? Nkhawayo ndi yoona, koma lamulo linaipezera kale mankhwala. Lamulo la ntchito nambala 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu February 2024, monganso la 2007 limene linalowedwa m'malo, limalola nthawi yoyesedwa kumayambiriro kwa kontirakiti. Kwa wantchito wamba ndi miyezi yowerengeka, ndipo ngakhale kwa omaliza ku yunivesite ndi oyang'anira anzawo sipitirira miyezi 6. M'nthawi imeneyi bwana akaona kuti walemba munthu wolakwika atha kumuchotsa popanda chipepeso. Ndiye kuti chitetezo chimene amachifuna ali nacho kale m'manja, ndipo n'kulakwa kuti achilandire kawiri, koyamba pa ufulu womuchotsa munthu, kachiwiri pomulipira mochepa mpaka kalekale. Apa ndi pamene woyamba ntchito ali ndi mpata weniweni. Asalimbane ndi nambala ya mwezi woyamba, bola isatsike pa malire a lamulo. Alimbane ndi tsiku. Avomere kuyambira pansi, koma apemphe kuti zilembedwe kuti nthawi yoyesedwa ikatha malipiro adzaonedwanso, ndipo ngati n'kotheka atchuliretu kuti adzafika pati. Bwana woona mtima sataya kanthu pa pangano lotere, pakuti ngati mnyamatayo ndi waulesi sadzafika n'komwe pa tsikulo. Amene amalikana ndi uja amene amafuna kuti mawu akuti "ukuphunzira" akhalepobe ngakhale munthu atagwira zaka zitatu ndipo akuphunzitsa ena.

Aja amene amati ndalama zidzabwera pa ntchito yachiwiri amaiwala kuti malipiro oyamba amamutsatira munthu. Makampani ambiri amakweza malipiro potengera peresenti, choncho amene anayambira pansi amakwezedwanso pang'ono. Awiri akalembedwa tsiku limodzi, wina pa 7,000 wina pa 8,000, kusiyana kwawo ndi 12,000 m'chaka choyamba chokha, ndipo chaka chilichonse chimene onse akwezedwa mofanana mpatawo ukukula. Chipepeso cha pochotsedwa ntchito chimawerengedwa kuchokera pa malipiro, penshoni chimodzimodzi, ndipo bwana wachiwiri funso lake loyamba limakhala lakuti "kumene unaliko unkalandira zingati?" Mu 2003 katswiri wa zachuma wa ku America, Linda Babcock, anafalitsa zimene anapeza pakati pa omaliza maphunziro apamwamba pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh: amene anakambirana malipiro a ntchito yawo anawonjezeredwa pafupifupi 7 peresenti, ndipo mwa amuna anafunsa anali 57 pa 100 alionse pamene mwa akazi anali 7 okha. Pittsburgh si Chipera, ndipo munthu wa digiri yachiwiri amene makampani akumulimbirana safanana ndi mtsikana wofuna ntchito yogulitsa m'sitolo pa Fingoè. Sindikunena kuti 7 peresenti imeneyo ikudikira aliyense. Chimene kafukufukuyo amaonetsa, ndipo chimagwira kulikonse, n'chakuti nambala yoyamba kutchulidwa kawirikawiri si yomaliza imene wolemba ntchito anakonzeka kupereka. Aliyense amene anagulapo mbuzi pamsika amadziwa zimenezi, ndipo n'zodabwitsa kuti anthu omwewo amene sangalole kugulitsa mbuzi pa mtengo woyamba wa vendala amalangiza ana awo kugulitsa mphamvu zawo pa mtengo woyamba wa bwana.

Pa makampani akuluakulu nkhani imasintha pang'ono. Vulcan, imene inagula migodi ya Vale ku Moatize mu 2022, kampani ya magetsi ya HCB ya ku Songo kapena Mozambique Leaf Tobacco ndi makampani a magiredi, ndipo pa kampani ya magiredi kalaliki wolemba anthu sangaswe ndondomeko chifukwa cha munthu mmodzi. Koma giredi imene munthu walowera imalembedwa pa kontirakiti, ndipo pamzere umenewo ndi pofunika kuyang'anitsitsa. Amene ali ndi satifiketi ya zamagetsi kapena zowotcherera kuchokera ku IFPELAC kapena ku sukulu ina yaluso, akalembedwa ngati wothandizira wamba, azigwira ntchito ya mmisiri pa malipiro a wonyamula zida. Kufunsa kuti "kodi satifiketi yangayi yawerengedwa?" n'kukambirana malipiro ndithu, kungoti kwadzera pakhomo lina. Ndipo wochokera kutali ngati ku Marávia ali ndi funso linanso limene mnzake wobadwira mu mzinda wa Tete alibe: nyumba ndi thiransipoti. Malipiro amene akuoneka ochuluka ukawamvera ku Chipera amafota msanga ukayamba kulipira lendi ku Moatize.

Tsopano tifike pa chitsutso cholemera kuposa zonse, chimene sindingachithetse ndi masamu. Wina anena kuti lamulo limene mukulitamali limakhala ku Tete ndi ku Maputo. Oyendera malo a ntchito ndi ochepa, msewu wochokera pa Bene kupita ku Fingoè ndi Zumbo nthawi ya dzinja umavuta, ndipo malo oyanjanitsira mabwana ndi antchito ali ku likulu la chigawo, kumene ndalama yoyendera yokha ingadye gawo lalikulu la zimene munthu akukadandaulazo. Kuwonjezera apo, antchito a m'nyumba alibe n'komwe malire a malipiro oikidwa ndi boma, ndipo waganyu wolima m'munda mwa mnzake salowa m'nkhani zonsezi. Ndiye kumuuza mwana kuti afunse si kumuponya m'madzi opanda bwato? Zonsezi n'zoona. Koma tikaziganizira bwino, zikuloza kwina. Ngati woyendera sabwera ndipo bwalo lili kutali, ndiye kuti nthawi yokhayo imene wantchito ali ndi kamphamvu ndi ija ya pakati pa "takusankha" ndi "saina apa." Bwana wafunsa anthu, wataya masiku ake, wasankha mmodzi, ndipo akufuna ntchito iyambe. Kamphindi kameneko kakadutsa, munthu akakwera boti kapena akafika pa msasa wakutali, mphamvu yonse yabwerera kwa wolipira. Kufooka kwa lamulo ndi chifukwa chofunsira msanga, pepala lisanasainidwe, osati chifukwa chokhalira chete. Ndipo pepalalo palokha ndi lofunika kuliumirira. Lamulo limati kontirakiti ikhale yolembedwa, ndipo ikasowa mlandu ndi wa bwana, wantchito sataya ufulu wake. Koma ufulu wopanda umboni ndi wovuta kuutola, makamaka ngati mboni zako zonse zikudya kwa bwana yemweyo.

Za chiopsezo choti ntchito ingalandidwe chifukwa cha funso, zambiri zimadalira nthawi ndi kafunsidwe. Amene amatchula ndalama asanauzidwe kuti wasankhidwa wadzipha yekha. Amenenso amati "mukapanda kundipatsa mwakuti ndikupita," pamene alibe kopita, akusewera ndi moto. Koma pali kalankhulidwe kena kamene mwana woleredwa bwino amakadziwa kale: "Bwana, ndathokoza kwambiri pondikhulupirira, ndipo Lolemba ndifika. Ndimati ndimvetse bwino kuti ndikawafotokozere makolo: ndalamazi chakudya chili momwemo kapena n'chapadera? Nanga miyezi yoyesedwa ikatha, mudzaziwonanso? Mungandilembere papepala?" M'mawu amenewa mulibe mwano. Ulemu wa Chichewa suletsa kufunsa, umangolamula kafunsidwe, ndipo makolo omwewo amene anatiphunzitsa kugwada anatisiyiranso mawu akuti safunsa anadya phula. Bwana amene angabweze ntchito chifukwa cha mafunso atatu amenewa wadziulula kuti pa 30 padzakhala mavuto, ndipo kudziwa zimenezi Lachisanu n'kwabwino kuposa kudzazidziwa utagwira miyezi itatu yosalipidwa. Chimene sindingabise n'chakuti kwa atsikana mtengo wa kufunsa ndi wokwera. Mnyamata akafunsa amati ndi wochangamuka, mtsikana akafunsa zomwezo amati ndi wamwano, ndipo kafukufuku wina amene Babcock yemwe uja anachita ndi anzake mu 2007 anapeza khalidwe lomweli ngakhale ku America. Komatu mtsikana amene malipiro ake sanalembedwe ndi amenenso amagwa m'manja mwa kapitawo wonena kuti "za ndalama zako tikakambirane madzulo." Kwa iyeyu pepala limateteza zambiri kuposa ndalama.

Mantha a kufunsawa ali ndi mbiri yake, ndipo si mwambo wa makolo monga ena amanenera. M'nthawi ya Apwitikizi amuna a kumpoto kwa Zambezi ankagwidwa kupita ku chibalo, ntchito yokakamiza imene inathetsedwa palamulo mu 1961 mokha. Malipiro ankatchula ndi mzungu wa ku boma, ndipo wofunsa ankayankhidwa ndi mbalamatodya. Amene sankafuna zimenezi njira yawo inali kuthawa, kuwoloka kupita ku mafamu a ku Southern Rhodesia kapena ku Nyasaland, kumene ankamva kuti ndalama ndi yochulukirapo. Agogo athu ankadziwa kusiyanitsa malipiro, ankangosowa ufulu wonena. Ufuluwo lero ulipo, ndipo ngakhale malire otsikitsitsa aja sanagwe kumwamba, anatuluka m'kukangana kwa chaka ndi chaka. Pakati pa 2023 ndi 2024 a zaulimi anakwera kuchoka pa 5,800 kufika pa 6,338, pamene a kapenta anakwera ndi mametikali 150 okha, ndipo kusiyanaku kukuonetsa kuti pamene mawu a antchito ali ofooka, ndalamanso imayenda pang'onopang'ono. Wachinyamata aliyense amene amalandira zochepera malire osafunsa amatsitsira mtengo mnzake wobwera pambuyo, pakuti bwana adzati "anzako onse amalandira zomwezi."

Sindikuweruza munthu amene kwawo nkhokwe yatha mu Januwale ndipo walandira chilichonse chimene apatsidwa. Njala siidikira zokambirana, ndipo ameneyo alandire, agwire, asunge tsiku limene wayamba ndi ndalama iliyonse imene walandira m'kabuku kake, adzafunse akapeza popondera. Koma uphungu wa nthawi ya njala usasanduke lamulo la aliyense. Vuto lalikulu la achinyamata a ku Chipera, Malowera ndi Chiputo si kusowa kulimba mtima, ndi kusadziwa ziwerengero, ndipo limeneli n'lotheka kulithetsa popanda ndalama zambiri. Aphunzitsi a kalasi 12 awauze ana malire a malipiro a chaka chimenecho asanatuluke sukulu. Akuluakulu a pa ofesi ya boma ya Chipera amate pepala la malirewo pakhomo, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa, pamene aliyense wodzatenga kalata angaliwerenge. Ndipo inu makolo, mwana akabwera madzulo n'kunena kuti wapeza ntchito, musanayambe nthungululu mufunseni ngati waona pepala, ngati chakudya chili m'kati mwa malipiro, ndi tsiku limene adzamuwonjezere. Akapanda kudziwa, m'bwezeni mawa akafunse.